Pansi pa kanyumba kosungiramo katundu: dothi, njerwa, kwale, nsanamira kapena konkire?

Pakhomo pakachuluka makasu, wilibala, njinga, matumba a feteleza ndi a chimanga, munthu amayamba kuganiza zomanga kanyumba kapadera kuseri kwa nyumba yaikulu. Ambiri amathamangira kuwerengera malata, mapolo ndi loko wa pachitseko, za pansi n'kuzisiya kuti zidzaoneka ndalama zikatsala. Ine ndimati tiyambire pansipo. Denga likadontha mumasintha lata limodzi tsiku lomwelo, koma pansi pakatitimira kapena pakayamba kutulutsa chinyezi, nthawi zambiri kukonza kwake n'kuphwasula kanyumba konse.

Kuti tiyerekeze bwino, titenge kanyumba ka mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi. Mitengo sindiitchula m'makwacha. Chichokereni mu Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo wa simenti wa mwezi uno sukhala wa mwezi wamawa. Ndiwerengera m'matumba, m'mawilibala ndi m'masiku a ntchito, inu muchulukitse ndi mitengo ya kwanuko.

Zoti muone musanasankhe

Choyamba ndi madzi, ndipo ndiwo amagamula zambiri. Malangizo ochuluka a pa intaneti analembedwa ku Britain ndi ku America, kumene amadera nkhawa nthaka youndana ndi chisanu n'kutukula maziko. Kwathu vuto ndi mvula yokhuthuka yambiri nthawi imodzi pakati pa Novembala ndi Epulo. Denga la kanyumba kathuka, kuphatikiza zotulukira m'mbali, limakwana masikweya mita 9. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa masana amodzi, dengalo limatsitsa malita 450, kuposa migolo iwiri, ndipo onsewo amagwera m'tsinde mwa khoma. Apo sitinawerenge othamanga kuchokera kumtunda kwa aneba. Nthawi yabwino yosankha malo ndi Januwale kapena Febuluwale: mvula ili mkati, tulukani mukaone pamene madzi akudutsa ndi pamene akuima. Ngati mukusankha m'chilimwe, kumbani dzenje lolekeza m'mawondo, mulidzaze madzi. Mukapeza m'mawa mwake madzi akadalimo, dziwani kuti dothilo silimwa msanga.

Chachiwiri ndi dothi lenilenilo. Katondo wofiira, wofala ku Lilongwe ndi m'madera ambiri okwera, amanyamula katundu bwino akatsenderedwa. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi umamwa madzi msanga, koma umagumuka m'mphepete ngati simunautchinge. Makande, dothi lakuda la ku Chikwawa, Nsanje, chigwa cha Phalombe ndi m'madambo, ndiwo ovuta. Akanyowa amafufuma, akauma amachita ming'alu yolowa dzanja, ndipo chaka ndi chaka amakweza ndi kutsitsa chilichonse chokhala pamwamba pake. Loipa kuposa onsewa ndi dothi lochita kuthira. Pamene panali dzala, chimbudzi chakale kapena dzenje loumbiramo njerwa lomwe linakwiriridwa, pamatitimira kwa zaka zambiri. Pamenepo musamangepo, kaya mwasankha njira iti. Talikiraninso mitengo ya mango, bulugamu ndi malayina, chifukwa mizu yake imatukula njerwa ndi kung'amba konkire.

Kenaka dzifunseni kuti muzisungamo chiyani. Makasu, mafosholo ndi mapaipi othirira sizidandaula ndi chinyezi chapang'ono. Feteleza wa Urea amakoka chinyezi n'kuumbika, simenti chimodzimodzi, ndipo chimanga ndi mtedza zimachita chuku, chomwe ndi poizoni kwa odya. Kulemera nakonso anthu amakupeputsa: matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu, yosanjikizana pakona imodzi.

Chiswe ndi makoswe zimalowera pansi. Mphepo yamkuntho yobwera ndi mvula zoyamba imanyamula kanyumba ka malata kamene kanangokhazikidwa osamangiriridwa ku chilichonse. Ndiye pali nkhani ya malo: ngati muli pa lendi, chimene mwathira pansi chidzatsala kwa alandilodi, ndipo muyenera kuyamba mwawapempha. M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba funsani ku khonsolo musanamange chokhazikika, ndipo musatseke pamene padutsa paipi ya madzi kapena pansi pa mawaya a ESCOM.

Chimodzi chisasokonezeke. Zimene tikuyerekeza pano ndi pokhazikapo kanyumba kopepuka ka malata, matabwa kapena nsungwi, ndiponso pansi popondapo. Ngati makoma akhale a njerwa, amafuna maziko awoawo okumba mpaka pa dothi lolimba, kawirikawiri masentimita 45 mpaka 60, kaya mkatimo muikamo chiyani.

Ntchito imene njira zonse zimafuna

Palani dothi lapamwamba, lakuda lija la mizu ndi udzu, masentimita 10 mpaka 15 kufikira mutapeza polimba. Likatsala limawola n'kutsika. Khomani zikhomo, kokani zingwe, ndipo muyese modutsa pakati kuchokera ngodya ina kufika ina: pa kanyumba ka 3 ndi 2, miyeso yonse iwiri yodutsa pakatiyi ikhale mamita 3.61. Zikasiyana, malata ndi chitseko zidzakuvutani. Ngati mulibe levulo, kapaipi koonekera mkati kodzaza madzi kamagwira ntchito yomweyo. Pansi popondapo pakwere masentimita osachepera 15 kuposa bwalo, dothi lozungulira litsetserekere kunja, ndipo kumtunda mukumbe ngalande yopatutsa madzi. Kunena zoona, amene wachita izi bwino ndi njira yotchipa amapambana amene wagula simenti yambiri n'kuzilumpha.

1. Dothi lotsendera ndi kuzira

Iyi ndi njira ya makolo ndipo sinathe ntchito. Mumathira dothi pang'onopang'ono, masentimita 10 ulendo umodzi, kuwaza madzi mpaka lizigwirana mukalifumbata, n'kusinja ndi chipika kufikira phazi litasiya kusiya chidindo. Mukweze mpaka masentimita 20 kapena 30, pamwamba n'kuzira ndi mtsiro.

*Mtengo.* Thukuta la masiku awiri kapena atatu. Mukafuna kulimbitsa, sakanizani muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso 10 ya dothi lamchengamchenga pa gawo lomaliza. Matumba awiri amakwana. Pa makande kusakaniza kumeneku sikugwira.

*Kupezeka.* Paliponse pamene pali katondo. Ambiri amakonda dothi la pachulu chifukwa limamatana bwino.

*Kusamalira.* Kuzira kawirikawiri, ndi kukwirira m'mphepete chaka chilichonse mvula isanayambe.

*Zoopsa.* Chinyezi chimakwera kuchokera pansi m'dzinja lonse, makoswe amaboola, chiswe chimatulukira paliponse, ndipo madzi akalowa kamodzi pamasanduka matope. Chilichonse choopa kunyowa chikhale pa thandala, chotalikirana ndi khoma.

2. Njerwa zowotcha zoyala pa mchenga

Njira imeneyi anthu amaiderera, koma pa kanyumba kakang'ono ine ndimaiika patsogolo kawirikawiri. Mukatsendera pansi, thiranipo ziduswa za njerwa kapena miyala masentimita 10 n'kusinjanso, kenaka mchenga wochepa wotseka nsonga zakuthwa, pepala lakuda lapulasitiki lochindikala, ndiyeno mchenga wa kumtsinje masentimita 3 mpaka 5 wosalazidwa ndi thabwa. Njerwa muziyale chogona, mothithikana, mizere yake ikulumphana, n'kusesera mchenga wouma m'mipata. Chinsinsi chake chili m'mphepete. Mzere wozungulira umangidwe ndi simenti, apo ayi njerwa zimayamba kuthawira kunja ndipo zonse zimamasuka.

*Mtengo.* Njerwa ya masentimita 23 ndi 11 imalowa pafupifupi 40 pa sikweya mita, ndiye mkatimo mufunika 240. Ndi za m'mphepete ndi zosweka pa ngolo, gulani 300 kapena kupitirirako pang'ono. Onjezani mawilibala asanu a mchenga, khumi a ziduswa, ndi thumba limodzi la simenti. Munthu wodekha amatha kuyala yekha, osaitana mmisiri.

*Kupezeka.* Uvuni uli pafupifupi m'mudzi uliwonse, koma njerwa zimasiyana kukula malinga ndi chikombole, choncho gulani kwa munthu mmodzi. Sankhani zakupsa bwino, zolira mukaziombanitsa. Za m'mbali mwa uvuni zimanyenyeka zikanyowa. Tisabise kuti njerwa zowotcha zikumaliza mitengo, ndipo n'chifukwa chake malamulo a 2018 anaziletsa pa ntchito zomanga za boma ndi zamalonda. Pa kanyumba aka simufunika kuwotchetsa zatsopano. Zotsala pomanga nyumba kapena za khoma logumulidwa zimakwana, ndipo m'tauni muli timiyala tasimenti toyala pabwalo tomwe timayalidwa mofananamo, tolimba kuposa njerwa ngakhale tokwererapo mtengo.

*Kusamalira.* Kusesera mchenga m'mipata ukachepa. Pakatsika penapake mumazula njerwa zisanu, kuwonjezera mchenga, n'kubwezera. Palibe njira ina imene kukonza kwake n'kophweka chonchi, ndipo posamuka mumazula n'kunyamula.

*Zoopsa.* Njerwa imamwa madzi, ndiye popanda pulasitiki uja pansi pamakhala ponyowa. Nyerere zimatulutsa mchenga, chiswe chimadutsa m'mipata, ndipo mawilo a njinga yamoto kapena ngolo amakumba njira pakapita nthawi. Njerwa zoyala sizigwira kanyumba ku mphepo: mapolo a m'ngodya akumbiridwe pawokha ndi kuthiridwa konkire.

3. Miyala ya kwale

Kwale woyala amayenera kanyumba kokhala ndi pansi pakepake pa matabwa, konga timene abale athu okhala ku South Africa amatitchula kuti Wendy house. Mumakumba malo opitirira kanyumbako ndi masentimita 30 mbali zonse, kutchinga m'mphepete ndi njerwa, n'kuthira miyala yoswa masentimita 10, yosakaniza ndi fumbi la kwale kuti ilumane potsendera. Nsangalabwi za kumtsinje zimaterereka, sizigwirana.

*Mtengo.* Mawilibala 14 kapena 15, ndi thumba limodzi la simenti la m'mphepete. Chimene chimakweza mtengo ndi mayendedwe.

*Kupezeka.* M'mizinda oswa miyala ali m'mbali mwa misewu ndipo amagulitsa pa wilibala. M'zigwa zopanda miyala, lole imadya ndalama kuposa katunduyo. Timabokosi tapulasitiki tothiramo miyala timene mumationa pa intaneti sitipezeka wamba kuno, ndipo mzere wa njerwa umagwira ntchito yomweyo.

*Kusamalira.* Kuzula udzu ndi kuwonjezera miyala ikalowa m'dothi.

*Zoopsa.* Madzi amadutsa bwino ndipo matope sathovukira pa khoma, koma pa dothi losamwa madzi dzenje la kwale limangosunga madziwo pansi pa kanyumba, pokhapokha mutalitsegulira potulukira kumunsi. Akakhala popondapo penipeni, kwale sasesedwa, amaboola matumba, ndipo chimanga chotayika chimaitana makoswe.

4. Nsanamira zokweza kanyumba m'mwamba

Makolo athu ankakhazika nkhokwe pa miyala ndi pa mphanda kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo nzeru yake ndi yomweyi. Pa kanyumba ka 3 ndi 2 ikani nsanamira zisanu ndi zinayi, mizere itatu ya zitatuzitatu. Iliyonse ikhale pa phazi la konkire la masentimita 40 mbali zonse ndi 15 kuchindikala, lokumbiridwa pa dothi lolimba. Pamwamba pake mangani ndi njerwa kapena mabuloko mpaka masentimita 30 kapena 45 kuchokera pansi, msinkhu woti muzitha kusuzumira ndi tochi. Pomanga mulowetsemo bawuti kapena chitsulo chopyapyala chodzamangira mitanda. Pamutu pa nsanamira iliyonse vundikirani kachidutswa ka lata kotulukira mbali zonse, kopindikira pansi, kenaka ikani mitanda, matabwa a 2x4 (mainchesi 2 ndi 4) otalikirana masentimita 40, ndi matabwa opondapo.

Kachidutswa ka lata kaja anthu ena amakakhulupirira mopitirira. Sikapha chiswe ndipo sikachiletsa kotheratu. Ntchito yake n'kuchikakamiza kumanga njira yake yadothi poonekera, kuti inu muione n'kuigumula. Mukasiya kuyang'ana, kalatako n'kachabe.

*Mtengo.* Simenti ndi yochepa, matumba awiri, koma ndalama zimapita ku matabwa, misomali ndi kalipentala. Mukawerengera zonse, nthawi zambiri imafanana kapena kuposa silabu ya konkire. Amene amati nsanamira n'zotchipa amakhala sanawerengere pansi pa matabwa.

*Kupezeka.* Matabwa a paini ochokera ku Chikangawa, Zomba ndi Dedza amapezeka m'misika ya matabwa, koma ambiri amagulitsidwa osathira mankhwala, ena akadali aawisi. Mapolo a bulugamu ali ponseponse. Onyikidwa mankhwala kufakitale amakhalitsa, ndipo kuti mudziwe, dulani kumapeto muone ngati mankhwalawo analowa mkati kapena anangopakidwa kunja.

*Kusamalira.* Iyi ndiyo yofuna diso kwambiri. Suzumirani pansi mwezi uliwonse m'dzinja, musaunjikepo nkhuni kapena zinyalala, ndipo udzu usakhudze matabwa. Ubwino wake, nsanamira ina ikatsika mumatukula mtanda ndi jeki ya galimoto n'kulowetsa kachitsulo kapena kamwala kaphanthiphanthi.

*Zoopsa.* Chiswe chimadya paini wosathira mankhwala mosachedwa. Kupaka oyilo wakutha wa galimoto, monga ambiri amachitira, kumangochedwetsa pang'ono, ndipo oyiloyo amalowa m'nthaka, zomwe n'zoipa pafupi ndi chitsime kapena dimba. Matabwa onunkha phula asayandikane ndi chakudya, ndipo zidutswa za matabwa a mankhwala musasonkhere moto wophikira. Pansi pa kanyumba pamabisala njoka ndi makoswe ngati simunatchinge ndi waya wa sefa. Tani ya chimanga pa matabwa imafuna mzere wina wa nsanamira pansi pa malo osanjikapo. Pomaliza, mphepo imalowa kunsi, ndiye kumangirira mitanda ku nsanamira si nkhani yochita kusankha.

5. Silabu ya konkire

Iyi ndi imene aliyense amailakalaka, ndipo ikapangidwa bwino palibe yoiposa pa kuuma, kulimba ndi kusesa. Koma ndi imenenso ndalama zimatayikirapo kwambiri, chifukwa zimene ambiri amazitcha silabu ndi kapulasitala ka zala ziwiri kopakidwa pa dothi losatsendera. Koteroko kamasweka dzinja loyamba, chiswe n'kudzera m'ming'alumo, ndipo mwini wake amakhala atalipira simenti koma ali ndi mavuto onse a pansi pa dothi. Ngati ndalama sizikukwana silabu yeniyeni, bwererani ku njerwa.

Yeniyeni imayalidwa motere: dothi lotsendera, miyala kapena ziduswa za njerwa masentimita 10 zosinjidwa, mchenga wochepa, pepala lapulasitiki lochindikala mamaikuloni 250 (kota ya milimita) lopitirirana bwino polumikiza, ndiyeno konkire wa masentimita 10. M'mphepete mozungulira mukumbe mozamirapo kuti konkire achindikale mpaka masentimita 20, pakuti m'pamene pakhala makoma ndiponso m'pamene madzi ndi makoswe zimafukula. Mabawuti ogwira kanyumba alowetsedwe konkire akadali wamuwisi. Silabu isatulukire kwambiri kunja kwa makoma, chifukwa mvula yogwera pa mlomo wotulukawo imayenderera kulowa mkati.

Kasakanizidwe kake ndi muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale. Wilibala ya amisiri, ya malita 65, imalowa matumba awiri a simenti, ndiye thumba limodzi limayenda ndi wilibala imodzi ya mchenga ndi ziwiri za kwale, zodzaza mosefukira ayi koma molingana ndi milomo. Madzi asapitirire ndowa imodzi ndi theka ya malita 20 pa thumba, ndipo achepe ngati mchenga uli wonyowa. Aganyu amakonda kuchulutsa madzi kuti fosholo ipepuke, koma konkire wa madzimadzi ngati phala la mwana amauma wofooka ndi wofumbutuka pamwamba. Thirani tsiku limodzi osalekeza, muyambe m'mamawa, ndipo mugwedeze ndi thabwa kuti mpweya utuluke.

Gawo limene limalumphidwa kwambiri ndi lotsatira. Konkire salimba chifukwa chouma, amalimba chifukwa simenti ikupitiriza kugwirana ndi madzi. Mufunditseni masaka onyowa, udzu kapena pulasitiki, ndipo muzithirira kwa masiku osachepera 7. Mphamvu zake zimakwanira pa masiku 28, ndiye musathamangire kusanjikapo matumba. Dzuwa la Okutobala limaumitsa pamwamba m'maola ochepa n'kusiya ming'alu, choncho miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo yabwino, bola madzi othirira akhale pafupi.

*Mtengo.* Silabu ya 3 ndi 2 imadya matumba anayi, ndipo ndi m'mphepete mochindikala muja konzekerani asanu kapena asanu ndi limodzi. Mchenga mawilibala asanu kapena asanu ndi imodzi, kwale 10 mpaka 12, miyala yapansi khumi, pulasitiki, matabwa otchingira m'mbali, mmisiri ndi womuthandiza masiku awiri. Pa makande onjezani waya wa BRC (ukonde wachitsulo wolimbitsa konkire) ndi dothi labwino lolowa m'malo mwa limene mwachotsa.

*Kupezeka.* Simenti imapangidwa konkuno, ku Shayona ku Kasungu, ku Portland ku Blantyre ndi ku Njereza ku Mangochi, ndipo ina monga ya Dangote imachokera ku Zambia, komabe pamakhala nyengo zimene imasowa n'kukwera mtengo. Ya 32.5 (nambala ya mphamvu yolembedwa pa thumba) ikukwana pa ntchito iyi, ya 42.5 imalimba msanga koma simukakamizidwa kuigula. Thumba ligwireni musanalipire: la mibulu yolimba lakhalitsa kapena linanyowa. Mchenga ukhale wa kumtsinje. Wa kudambo ndi womangira njerwa. Kuti muuyese, thirani m'botolo ndi madzi, khutchumulani, muusiye usiku. Matope okhala pamwamba pa mchengawo akakhala ochindikala, ufunika kutsuka kapena kusiya.

*Kusamalira.* Pafupifupi palibe, kupatula kumata ming'alu ikaoneka ndi kusalola madzi kufukula m'mphepete.

*Zoopsa.* Ikalakwika siikonzeka, ndipo siisamuka. Pa makande imatha kuthyoka pakati, chifukwa dothi la m'mphepete limanyowa ndi kuuma pamene la pakati silisintha. Mankhwala ake n'kuchotsa makande masentimita 30 kapena kuposa, kuthira dothi lamiyala lotsendera, kuika waya pakati pa konkire osati pansi penipeni, ndi kuyala khonde la mita imodzi mozungulira. Konkire wamuwisi amawotcha khungu, choncho osakaniza avale majombo. Ndipo ngakhale pa silabu yabwino, matumba a chimanga ndi feteleza akhalebe pa thandala.

Ndiye inu musankhe iti?

Ngati muli kumudzi pa katondo wokwera bwino ndipo musungamo makasu, nkhwangwa, misampha ndi nkhuni, dothi lotsendera likukwanirani. Ndalama yochepa imene muli nayo ipite ku denga lotulukira kwambiri m'mbali ndi ku ngalande.

Ngati muli pa lendi ku Area 25, Chilomoni kapena Chibavi ndipo mukudziwa kuti tsiku lina mudzasamuka, yalani njerwa kapena timiyala tasimenti pa mchenga. Kanyumba kakakhala kogula kopangapanga, ka pansi pa matabwa, kakhazikeni pa kwale kapena pa mabuloko, n'kukamangirira ku zikhomo zachitsulo. Silabu pa malo a eni ndi mphatso kwa alandilodi, ndipo ena amakuuzani kuti muiphwanye pochoka.

Pa malo anuanu, ngati mukasungamo chimanga cha chaka chonse, feteleza, simenti, njinga yamoto kapena pampu yothirira, thirani silabu yeniyeni ya masentimita 10 yokhala ndi pulasitiki pansi. Ndalama zikaperewera, chepetsani kukula kwa kanyumba, osati kuchindikala kwa konkire kapena kuchuluka kwa simenti. Mukhozanso kuyala njerwa chaka chino, chaka chamawa n'kuzizula kuti zikhale ziduswa za pansi pa silabu.

Pa mchenga wa kunyanja, njira zonse kupatula dothi lozira zimayenda, bola m'mphepete muzame ndi kutchingidwa kuti madzi asafukule.

Pa malo otsetsereka, monga m'mapiri a Ndirande, Bangwe ndi Soche, chizolowezi n'kugumula kumtunda n'kuthira kumunsi kuti pakhale posalala. Theka lothiralo limatsika, silabu n'kuthyokera pamalire. Nsanamira zotalika mosiyana, iliyonse yoima pa dothi losagumulidwa, zimasiya madzi kudutsa pansi ndipo sizifuna kusema phiri. Koma zimene zinachitika ku Chilobwe ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 zinaonetsa kuti m'njira ya madzi ndi matope ochokera kuphiri mulibe maziko amene angapirire. Ngati malo anu ali m'khwawa, funani pena.

Kuchigwa cha Shire ndi ku Phalombe, kumene makande amakumana ndi madzi osefukira monga a namondwe wa Ana mu Januwale 2022, funsani akuluakulu a m'deralo pamene madzi amalekeza zaka zoipa, ndipo pansi pa kanyumba pakwere kuposa pamenepo. Nsanamira zokumbiridwa mita imodzi kapena kuposa ndizo zoyenera, popeza zikasuntha mumatha kuziwongola. Silabu kumeneko ithiridwe pokhapokha pa chitunda chomangidwa ndi dothi labwino lotsenderedwa gawo ndi gawo, chimene chagonetsedwa dzinja limodzi kuti chikhazikike musanathirepo konkire.